MZINDA NDI MIDZI ZIKHALE PA MKEKA UMODZI

Pamene Boma linasamutsa likulu la dziko lino kuchoka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975, ntchitoyo siinachitike mwachisawawa ayi. Bungwe la Capital City Development Corporation, limene linakhazikitsidwa mu 1968, linayamba laika zonse pa mapu: apa maofesi a Boma, apo nyumba zogonamo anthu, uko ku Kanengo mafakitale. Pa kalembera wa 1977 anthu a mu mzindawu anali asanakwane 100,000. Pa kalembera wa 2018 anapezeka kuti ndi 989,318.

Khamu lotere silingathe kukhala m'malire akale aja. Munthu aliyense woyenda pa mseu wa ku Mchinji kudzera kwa Njewa, kapena wa ku Dedza kudzera pa Nanjiri, angathe kudzionera yekha kuti minda imene inali ya chimanga yasanduka mapuloti. Malo ameneŵa ali m'manja mwa mafumu ndiponso pansi pa Khonsolo ya Boma la Lilongwe, koma eni nyumbazo amalaŵirira ku ntchito mu mzinda, amagula ndi kugulitsa mu mzinda. Tsono Khonsolo ya Mzinda ikati kumeneko si kwathu, nayonso Khonsolo ya Boma nkuti amenewo ndi anthu a m'tauni, ndani adzasiya malo a mseu, a sukulu, a chipatala ndi a manda? Chotsatira chake nchakuti chimbudzi chikumbidwa pafupi ndi chitsime, ndipo galimoto yonyamula wodwala isoŵa poloŵera.

Nawo anthu a mu mzinda asadzinyenge kuti za ku midzi sizikuŵakhudza. Madzi amene amatunga pa mpopi amachokera mu mtsinje wa Lilongwe, umene gwero lake lili m'nkhalango ya Dzalanyama, ndipo amasungidwa m'madamu a Kamuzu ku Malingunde. Malo onseŵa ali kunja kwa mzinda. Thumba lililonse la makala loloŵa m'tauni pa njinga kuchokera kumeneko likuchepetsa madzi a mawa a mzinda womwewo.

Makolo athu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.  Mu March 2023, namondwe wa Freddy anapeza nyumba zili thithithi pa malo otsetsereka a phiri la Soche, ndipo matope ndi miyala zinakwirira mabanja ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre. Umu ndi mmene kumanga kopanda dongosolo kumathera.

Malamulo alipo. Chiyambire 1998 mphamvu zambiri za chitukuko zinaperekedwa kwa makhonsolo. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la mapulani a kagwiritsidwe ntchito ka malo, lokhudza dziko lonse, midzi yomwe, ndiponso lamulo la malo a makolo, limene linabweretsa makomiti a malo m'midzi. Chosoŵa ndi mgwirizano.

Kotero tikupempha izi. Poyamba, Bwanamkubwa wa boma ndi akuluakulu a Khonsolo ya Mzinda adzikumana kaŵirikaŵiri, makhansala ndi mafumu ali pomwepo, nagwirizane mapu amodzi a madera onse ozungulira mzinda. Chachiŵiri, pa mapu amenewo aonetse poyera malo a miseu ndi a sukulu, ndiponso madambo ndi magombe a mitsinje amene munthu sayenera kumangapo, nyumba zisanamere. Kukhoma chikhomo lero sikulira ndalama zambiri. Kugwetsa nyumba ndi kulipira chipepeso mawa kudzadya misonkho ya tonse. Chachitatu, mafumu asagaŵe puloti asanaone mapuwo.

Kwa inu atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera, ndi inu ogwira ntchito m'Boma, mawu athu ndi aŵa: musakhale oyamba kudzipatulira malo m'madambo ndi m'mbali mwa miseu podalira udindo wanu. Anthu amatsata mapazi a mtsogoleri. Fotokozerani anthu pa misonkhano chifukwa chimene malo ena ayenera kusiyidwa, ndipo mukaona wina akugulitsa malo a sukulu mukanene kwa eni ake a lamulo, ngakhale atakhala mnzanu wa m'Chipani.

Mutu umodzi susenza denga. Makhonsolo aŵiriŵa akumane mvula ikudzayi isanagwe.