Foni ikagwera m'nyanja, makiyi a "cloud" yanu ali ndi ndani?

Msuweni wanga amapikula usipa ku Senga Bay n'kumakagulitsa ku Lilongwe. Tsiku lina m'bandakucha, akulandira ndowa kuchokera m'boti, foni inapulumuka m'thumba la malaya n'kugwera m'madzi. Anaivuula msanga, anaikwirira mu mpunga usiku wonse monga amalangizira anthu, koma sinayakenso.

Foniyo sinali yodula kwenikweni. Chomwe chinamugoneka ndi mutu ndi zomwe zinali m'katimo: manambala a makasitomala, mauthenga a pa WhatsApp osonyeza amene anatenga nsomba pangongole ndi kuchuluka kwake, zithunzi za malisiti, ndiponso chithunzi chimodzi chokha cha malemu mayi ake chomwe banja lonse linali nacho. Ena mwa angongole aja atamva kuti foni yafa, nawonso anayamba kuiwala. Anthufe timadziwana.

Nditamufunsa ngati ankasunga zinthu zake pa Google Drive, anayankha kuti: "Aise, zija zimachitika zokha, anandiuza choncho amene anandigulitsa foni." Tinagula foni ina, tinaikamo simu khadi yatsopano ya nambala yomweyo, ndiye tinafika pofunsidwa imelo ndi pasiwedi. Apa m'pamene panagona nkhani. Imelo sankaidziwa bwinobwino. Pasiwedi sanaionepo n'kamodzi komwe. Akauntiyo anamutsekulira ndi mnyamata wa pa kashopu kena m'tauni ya Salima tsiku logula foni, ndipo nambala yobwezeretsera akaunti inali ya mnyamatayo. Titapitako tinapeza kashopuko akugulitsamo tomato.

Ndikulemba izi chifukwa msuweni wangayu si yekha. Funsani anzanu asanu amene muli nawo pafupi kuti atchule pasiwedi ya Gmail yomwe ili m'foni mwawo. Muona nokha.

Tiyambe ndi dzina lenilenilo. Chomwe amati "cloud" si mtambo ayi. Ndi makompyuta akuluakulu a kampani ina, ali m'nyumba zawo kunja kwa dziko lino, ndipo inu mwangobwereka kachipinda m'menemo. Google imapereka 15GB yaulere, koma malo amenewa mumagawana pakati pa Gmail, Drive ndi Google Photos. A iPhone amapatsidwa 5GB pa iCloud, ndipo OneDrive ya Microsoft nayo ndi 5GB. Kachipinda kobwereka kali ndi ubwino umodzi waukulu: madzi a m'nyanja ya Malawi sangakafikeko.

Ife a m'mbali mwa nyanja tikudziwa tanthauzo la zimenezi. Mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo ku Salima, Mangochi ndi Nkhotakota. Chaka chomwecho madzi osefukira anasamutsa mabanja ambirimbiri ku Dwangwa. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola midzi m'chigawo cha kummwera. Pa ngozi zotere timawerenga anthu amene atisiya, nyumba ndi mbewu, ndipo n'koyenera kutero. Koma madzi akaphwa pamatsala ululu wina wosalembedwa m'nyuzi: satifiketi ya MSCE yasanduka phala, chiphaso cha unzika chapita, kabuku ka kusikelo ka mwana kulibe, pepala la malo lomwe anasainira a mfumu silikuwerengekanso. Chithunzi cha satifiketi sichilowa m'malo mwa satifiketi yeniyeni, zoona. Koma amene ali ndi chithunzi choonetsa nambala yake ya mayeso, chaka ndi dzina la sukulu amayamba ulendo wa m'maofesi ali ndi poyambira. Mnzake amene alibe kalikonse amayamba ndi kulumbira.

Ndipo tisaganize kuti ili ndi vuto la osauka kapena osaphunzira okha. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo, ndipo mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowerera makina a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko ndipo akufuna dipo. Anthu amene ankayembekeza ulendo wa sukulu, wa chipatala ndi wa ntchito anangoti kakasi. Funso lomwe boma linakumana nalo ndi lomwe linamugwetsa msuweni wanga: zinthu ndi zako, koma makiyi ali m'manja mwa ndani?

Ndiye ngati mukufuna kuyamba, musayambire pa kukweza zithunzi. Yambani ndi makiyi. Lowani mu akaunti yanu ya Google, pitani pa gawo la Security, muone nambala ya foni ndi imelo zomwe zinalembedwa kuti n'zobwezeretsera akaunti. Ngati si zanu, sinthani lero. Sinthaninso pasiwedi, makamaka ngati inaikidwa ndi wogulitsa foni, chibwenzi chakale kapena mlamu wanu "wodziwa za mafoni". Nambala yomwe muike ikhale yolembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika, chifukwa foni ikatayika, ku TNM kapena ku Airtel adzakubwezerani nambalayo poona chiphaso chomwe inalembetsedwera. Simu yolembetsa m'dzina la azakhali imasanduka mlandu tsiku limenelo. Mukatsekula chitetezo cha magawo awiri chija, Google imakupatsani manambala apadera olowera mukakhala mulibe foni. Alembeni pa pepala, muwasunge kwina, osati kuwajambula n'kuwasiya m'foni yomweyo.

Msampha wachiwiri ndi wa Wi-Fi. Mapulogalamu ambiriwa anapangidwa ndi anthu amene kunyumba kwawo kuli Wi-Fi usana ndi usiku, choncho amabwera atatcheredwa kuti azikweza zinthu pokhapokha foni ikalumikizidwa ku Wi-Fi. Munthu wa ku Lifuwu kapena ku Chipoka amene amadalira bandulo akhoza kukhala chaka chathunthu akuganiza kuti zonse zili m'malo, pamene palibe chinakwerapo n'chimodzi chomwe. Pa WhatsApp lowani mu Settings, kenako Chats, kenako Chat backup, muwerenge tsiku lomwe inasunga komaliza. Ena mudzidzimuka. Pomwepo pali posankha kuti izigwiritsa ntchito data ya pa simu. Koma musanayatse, zimitsani kaye posunga mavidiyo, apo ayi bandulo ya sabata yonse ithera pa mavidiyo a maukwati a anthu osawadziwa omwe anaponyedwa m'gulu la kumpingo.

Apa ndiye pomwe ndimasiyana maganizo ndi anzanga amene amati "ingoyatsa zonse zizikwera zokha". Malangizo amenewo ndi a anthu a data yosatha. Ife kuno tiyenera kusankha. Pulogalamu ya Google Drive ili ndi pojambulira mapepala ndi kamera n'kuwasandutsa PDF. Chiphaso, masatifiketi, CV, mapepala a malo, kaundula wa ngongole, zithunzi khumi kapena makumi awiri zomwe simungazipezenso kwina: zonsezi pamodzi sizifika kukula kwa filimu imodzi. Manambala a foni nawo asungeni ku akaunti ya Google, osati m'foni kapena pa simu. Zotsalazo zingathe kudikira bandulo ya usiku kapena tsiku lomwe mwapeza Wi-Fi.

Kusankhaku kuli ndi chifukwa chinanso. Kuyambira chakumapeto kwa 2023 kulowa mu 2024, zomwe WhatsApp imasunga pa mafoni a Android zinayamba kuwerengeredwa mu 15GB ija. Malo akadzaza, WhatsApp imasiya kusunga, ndipo ngakhale maimelo amasiya kulowa. Tangoganizani kalata yokuitanani ku intavyu ikubwezedwa chifukwa cha mavidiyo a nthabwala. Yankho la kampani n'lakuti mugule malo owonjezera, koma amafuna khadi ya kubanki yotha kulipira kunja, mwezi ndi mwezi. M'dziko lomwe kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zikusowa mpaka mafuta a galimoto kumavuta, wogulitsa usipa sangamange tsogolo la bizinesi yake pa lendi yolipira m'madola. Dziwaninso kuti Google inalengeza kuti akaunti yomwe yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito ikhoza kufufutidwa. Kachipinda kaulere kali ndi malamulo a mwini nyumba.

Nanga chinsinsi? Dziko lino tsopano lili ndi lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024, lomwe likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA. Ndi chiyambi chabwino. Koma kunena zoona, ine sindiopa kwambiri kampani ya ku California. Ndimaopa mnyamata wa pa kashopu uja, amene mwina mpaka lero ali ndi kope lodzaza maimelo ndi mapasiwedi a makasitomala ake. Amene ali ndi pasiwedi yanu amaona chithunzi chilichonse chomwe foni yanu yakweza, ali kwawo, inu osadziwa. Atsikana angapo amene zithunzi zawo zachinsinsi zimazungulira m'magulu a WhatsApp amalumbira kuti sanatumizire munthu, ndipo timawaseka. Mwina ena amanena zoona. MACRA ndi makampani a mafoni, omwe amatitumizira mauthenga otsatsa malonda tsiku ndi tsiku, angathe kutumizako uthenga umodzi m'Chichewa wotikumbutsa kuti akaunti yotsekuliridwa ndi munthu wina isinthidwe pasiwedi. Sizingawadyere ndalama zambiri.

Msuweni wanga tinamutsekulira akaunti yatsopano, pasiwedi anasankha yekha, ndipo pepala la manambala apadera lija lili m'Baibulo la mkazi wake. Ngongole tsopano amalemba m'kope, Loweruka lililonse n'kujambula tsambalo kulikweza pa Drive. Pa angongole akale aja, atatu anabweza okha. Enawo akuti akukumbukirabe. Chithunzi cha mayi ake tikufunsabe kwa achibale a ku Nkhotakota, mwina alipo amene anachilandirapo pa WhatsApp.