Laini ya pamjigo: kiyi asunge ndani?

Amene anagulitsapo mbewu pa msika wa Mitundu amakadziwa kachitidwe aka. Wogula soya akufuna kulipira pa foni, netiweki yakana. Wogulitsa sataya nthawi ndi kudandaula. Atsegula chivundikiro cha kafoni kake ka itel, achotsa batire, asolola simukhadi ndi chikhadabo, n'kuikamo ina imene inali m'kapepala m'thumba la malaya. Ya 099 ikagona, ya 088 imadzuka, malonda n'kutheka. Amene foni yawo imalowa malaini awiri ndiye sachita kutsegula n'komwe. Ufulu umenewu ndi waung'ono, koma ndi wake. Kampani ikamukhumudwitsa amaisiya pomwepo, osapempha chilolezo kwa munthu.

Tsono pali zinthu zina zimene zili ndi laini koma zilibe chikhadabo. Mathiraki amene amadutsa pa Nathenje usiku kulowera ku chipata cha Dedza, ambiri mwa iwo ali ndi kabokosi kobisika kamene kamauza mwini galimoto pamene yafika. Eni njinga zamoto za kabaza ena ayamba kuika timabokosi totere poopa akuba. Palinso mapampu a sola othirira m'dimba ogulidwa pa ngongole, mafiliji osungira katemera amene amatumiza uthenga akayamba kutentha, makina oyeza mvula, ndi tizipangizo toika pa mjigo. Akatswiri amazitchula zonsezi ndi dzina limodzi loti IoT, kutanthauza zinthu zolankhulana pa intaneti pazokha, popanda munthu wodina batani. Mita ya ESCOM ya mayunitsi imene ambiri tili nayo musaiwerengere pamenepa. Iyo imangomva manambala amene mwalowetsa ndi chala, monganso nyali zambiri za sola zolipira pang'onopang'ono.

Funso ndi lakuti: kabokosi kakakhala pa mjigo wa kufupi ndi nkhalango ya Dzalanyama, ndipo laini yake yasiya kugwira, adzapite kukaisintha ndani?

Yankho limene dziko lapeza ndi eSIM. M'malo mwa khadi losolola, kachitsulo kakang'ono, ka mamilimita 5 m'lifupi ndi 6 m'litali, kamawotchereredwa mkati mwa chipangizo ku fakitale komweko. Laini yeniyeniyo, nambala ndi zinsinsi zimene kampani imazindikirira kasitomala wake, imatumizidwa kudzera pa netiweki, ndipo ikhoza kufufutidwa n'kuikamo ya kampani ina, munthu ali chikhalire mu ofesi. Bungwe la makampani a lamya pa dziko lonse, GSMA, linatulutsa malamulo oyamba a zimenezi kumapeto kwa 2013, koma anali olemera. Kusamuka kuchoka ku kampani ina kupita ku ina kunkafuna kuti makampani awiriwo alumikize kaye makina awo, choncho amene anapindula kwambiri anali opanga magalimoto. Mu 2016 kunabwera malamulo a mafoni a anthu. Apple inaika eSIM mu iPhone mu 2018, ndipo pofika 2022 iPhone 14 yogulitsidwa ku America inalibenso polowetsa khadi. Njira ya mafoniyi imafuna munthu wojambula kachizindikiro ka QR, ndipo mjigo ulibe maso. N'chifukwa chake mu Meyi 2023 GSMA inatulutsa malamulo achitatu, SGP.32, opangira tizipangizo topanda sikirini, todya batire pang'ono. M'malamulo amenewa muli chinthu chotchedwa eIM, chimene ndi ngati kapitawo wakutali: ndicho chimalamula kabokosi kuti siya laini iyi, tenga iyo. Dzinali mulisunge, pakuti mlandu wonse wagona pamenepo.

Tiyambe ndi ubwino wake, chifukwa ulipo ndithu. Mjigo wa Afridev umene uli m'midzi yambiri ya kwathu kuno ndi mdzukulu wa pampu ya Maldev, imene inapangidwa ku Malawi konkuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ndi pampu yabwino, yoti anthu a m'mudzi atha kuikonza okha. Koma ikawonongeka mopitirira nzeru za komiti, uthenga umachedwa kufika kwa makaniko, ndipo amayi amabwerera ku chitsime cha kudambo. Ofufuza a ku yunivesite ya Oxford anayesa njira ina ku Kitui, m'dziko la Kenya: anaika kachipangizo m'chogwirira cha mjigo kuti kaziwerenga mmene anthu akupopera n'kutumiza uthenga pa netiweki ya foni. Mjigo ukangokhala chete, amakaniko ankadziwa. Nthawi yodikira kukonza inatsika kuchoka pafupifupi mwezi wathunthu kufika masiku osapitirira atatu. Inde, chimene chinakonza mijigoyo anali amakaniko okhala ndi njinga ndi masipeya, osati kachipangizoko. Koma popanda uthenga, sakanadziwa koyambira.

Tsono yerekezani kuti khonsolo ya Lilongwe yaika tizipangizo totere pa mijigo 300 ya kwa Mitundu ndi Nathenje, tonse ta laini ya kampani imodzi. Patapita zaka ziwiri kampaniyo yakweza mtengo, kapena nsanja yake ya kuderalo yayamba kuvuta. Ndi simukhadi wamba, pafunika munthu, njinga yamoto, mafuta amene mwezi wina amasowa pa mafilingi siteshoni, ndi alawansi, kuti akatsegule mabokosi 300 limodzilimodzi, ena ali kutsidya kwa mitsinje yosawolokeka mu Febuluwale. Ntchito yotere tonse tikudziwa mathero ake: imalembedwa mu bajeti, osachitika. Ndi eSIM, mnyamata mmodzi pa kompyuta aimaliza asanamwe tiyi wachiwiri. Onjezani kuti khadi losolola limabedwa ndi ofuna bandulo yaulere, limachita dzimbiri ndi chinyontho, limasuntha ndi kugwedezeka kwa galimoto. Chowotcherera sichichita zimenezo.

Wa mathiraki phindu lake n'loonekeratu. Galimoto yochoka ku Kanengo kupita ku Beira kapena ku Johannesburg imadutsa maiko awiri kapena kuposerapo, ndipo ikangowoloka pa Dedza kulowa ku Angonia, laini ya kuno imayamba kulipira mitengo ya roaming kapena kungofa. Kabokosi kotha kuvala laini ya dziko limene kalimo kamapulumutsa ndalama, ndipo mwini katundu amagona tulo.

Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, akuluakulu anatero. Sanatiuze kuti kalumoko tizikasiya m'manja mwa mlendoyo mpaka kalekale.

Vuto loyamba ndi losavuta kuliona: eSIM simanga nsanja. Imasankha pakati pa ma netiweki amene alipo, ndipo kumudzi kuno alipo awiri, TNM ndi Airtel. Pamene onse sagwira, kabokosi kangakhale kanzeru motani kakhala duu. Komanso makampani a lamya masiku ano amabwerekana nsanja. Mu 2022 kampani ya Helios Towers inagula nsanja zoposa 700 za Airtel m'dziko muno, ndipo ntchito yake ndi kubwereketsa malo pa nsanjazo. Pamene makampani awiri apachika zida zawo pa nsanja imodzi, magetsi akazima ndipo dizilo wa jenereta watha, onse amagona limodzi. Ndiye kusinthako n'kuchoka kuti kupita kuti? Tikumbukirenso chaka choyamba cha ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo ya AIP, mu 2020, pamene alimi m'madera ambiri ankaswera, ena kugona kumene, pa malo ogulitsira feteleza atagwira chiphaso cha unzika m'manja, akumva mawu amodzimodzi: netiweki palibe. Si zonse zimene timazitcha netiweki zili za nsanja. Makina a kulikulu akalemedwa, ngakhale mutasintha laini kakhumi, yankho likhala lomwelo. Ndipo eSIM sisintha wailesi ya mkati mwa chipangizo. South Africa inaika chaka cha 2027 kuti izimitse 2G ndi 3G, ndipo tsiku lotere lidzafika kunonso. Kabokosi kodziwa 2G yokha kadzafa tsiku limenelo, kaya kali ndi eSIM kaya ayi.

Vuto lachiwiri ndilo limandidetsa nkhawa. Bambo uja wa pa msika wa Mitundu mphamvu yosintha laini ili m'chikhadabo chake. Pa eSIM mphamvuyo siitha, imangosamuka: imapita kwa amene akusunga kapitawo uja, eIM. Kawirikawiri ameneyo ndi amene anapanga kapena kugulitsa chipangizo, kapena kampani ya kunja yogulitsa malaini ogwira dziko lonse. Malamulo a SGP.32 amalola kuti chipangizo chisamutsidwe kuchoka kwa kapitawo wina kupita kwa wina, koma amene ali nacho kale ayenera kutsegula chitseko. Nanga akakana? Akatchula mtengo? Kampaniyo ikagwa? Ntchito zambiri za mabungwe kwathu kuno zimakhala za zaka zitatu kapena zisanu. Zikatha, magalimoto olembedwa m'mbali amapita, chikwangwani chimatsala. Kale mudzi unkatsala ndi chipangizo choti mnyamata wokonza mafoni pa Nathenje atha kuchitsegula n'kuikamo laini yogula pa ajenti. Tsopano ukhoza kutsala ndi bokosi labwinobwino, batire yamoyo, koma kiyi wake ali ku Ulaya kwa munthu amene anasiya ntchito. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Kenako ndalama. Malaini a dziko lonsewa amalipiridwa m'madola kapena mayuro. Ena ndi otchipa modabwitsa: kampani ya ku Germany ya 1NCE inatchuka ndi mtengo wa mayuro 10 pa zaka 10, ndi data ya 500MB, yokwanira kachipangizo kongotumiza timauthenga tating'ono. Mtengo wotere, wolipiriratu kamodzi, ndi wovuta kuutsutsa. Koma ambiri amalipiritsa mwezi ndi mwezi, ndipo kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kalabu ya alimi imene inawerengera bwinobwino ndalama zake mu Okutobala inadzuka mu Disembala ngongole itatupa, mitengo ya mtedza ili pomwepo. Ngakhale ndalama ya kwacha ikhalepo, kupeza madola ku banki kuti ulipire bilu ya kunja ndi nkhani ina.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Mu 2018 tonse tinafola pa mizere kulembetsa malaini athu ndi chiphaso cha unzika, bungwe loyang'anira za lamya la MACRA litalamula. Laini ya kunja yokhala m'chipangizo pa Mitundu zaka khumi, ikuyendera roaming, siinalembetsedwe kwa ajenti aliyense, ndipo gawo lalikulu la ndalama zake limathera kunja. Maiko ena anakana zimenezi. Brazil salola roaming yosatha, ndipo Turkey inalamula kuti malaini a eSIM a zipangizo za m'dzikomo akhale a makampani a komweko, makina owayendetsa akhalenso komweko. Chodabwitsa n'chakuti eSIM ndiyo matenda, ndiyonso mankhwala: chipangizo chitha kufika ndi laini ya kunja, n'kulamulidwa kuvala ya TNM kapena Airtel chikangotsika ndege. Kutengera Turkey ndendende sindikukuvomereza. Msika wathu ndi waung'ono, ndipo tikaumitsa malamulo kwambiri, opanga zipangizo adzangotilambalala, alimi athu n'kumagula zotsalira. Koma kungokhala chete nakonso ndi chisankho. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 linapatsa MACRA udindo woyang'anira nkhani zotere, ndipo kabokosi ka pa njinga ya kabaza kamadziwa kumene mnyamata wagona usiku uliwonse. Uthenga umenewo ukusungidwa kuti, ndipo akuuwerenga ndani?

Pali dandaulo lina limene ndimalimva koma sindiligwirizana nalo kwathunthu, loti zipangizo zotere zimalola wobwereketsa kuzimitsa pampu ya mlimi akachedwa kulipira. N'zoona, ndipo kuzimitsiridwa pampu mu Seputembala, tomato ali pa maluwa, n'kowawa. Koma zimenezo zimatheka ndi simukhadi wamba yomwe. Kampani ya M-KOPA ku Kenya inayamba kugulitsa sola pa ngongole mwa njira imeneyi mu 2012. Ndipo tinene zoona: popanda chingwe chimenecho, ndani angabwereke pampu kwa mlimi wopanda chikole? Mlandu uwu ndi wa mgwirizano wa ngongole, wa masiku angati achisomo munthu asanazimitsidwe, osati wa eSIM.

Ine ndikuti tiilandire, koma tigule ndi maso. Wogula wamkulu kumudzi si mlimi, ndi khonsolo, unduna, mabungwe ndi makampani a fodya ndi a mbewu. Amenewa ali ndi mphamvu yolemba mu mgwirizano kuti ntchito ikatha, ulamuliro wa malaini udzaperekedwa kwa mwini chipangizo popanda malipiro ena, kuti chipangizocho chitha kuvala laini ya kuno yolipira m'makwacha, ndiponso kuti wailesi yake imadziwa 4G. Wogulitsa amene akuzemba ziganizo zimenezi wadziulula yekha. Luso losunga kiyi silikusowa. Kampani ya iMoSyS, ya Amalawi, inapanga makina a mipopi yogulitsa madzi ndi khadi mu mzinda wa Lilongwe. Pa Bunda, ulendo wa njinga kuchokera pa msika wa Mitundu, yunivesite ya LUANAR ikuphunzitsa achinyamata za ulimi wothirira ndi zamakina chaka ndi chaka. Mmodzi wa iwo akhoza kukhala pa kompyuta ya khonsolo.

Pa tsiku lopereka mjigo kwa anthu pamakhala mwambo. Amayi amavina, alendo amalankhula, komiti imalandira masipanala, mabuku olembamo zopereka ndi loko wa pa chogwirira, ndipo aliyense amadziwa kuti kiyi azisunga msungichuma kapena amayi a nyumba yoyandikana ndi mjigo. Pa mjigo wa kabokosi, a nyakwawa asanathokoze alendo, aime kaye pang'ono afunse: “Pepani bwana, zikomo kwambiri chifukwa cha madziwa. Koma inu mukadzapita, kabokosi aka kakadzasiya kulankhula, tidzagogode pa khomo la yani?”