Hita ya infrared siidya malaiti? Imani pang'ono

June ikangofika, ogulitsa ku Kamwala na pa Facebook amayamba nyimbo imodzi: "Bosi, iyi ni infrared, siidya malaiti." Musanatulutse ndalama, tiyeni timvetsetsane.

Infrared mumaidziwa kale, dzina chabe ndiye lachizungu. Mukakhala pa mbaula, kumaso kwapsa koma kumsana kuli zii, ija ndiyo infrared: kuwala komwe maso saona koma khungu limamva. William Herschel anakutulukira mu 1800. Anagawa kuwala kwa dzuwa m'mitundu yake, n'kuika thermometer kupitirira pofiira, pamalo pomwe sipanaoneke kanthu, ndipo mpomwe panatentha kwambiri.

Amene amaikonda zoona ni a mafakitale. Uvuni wamba umayamba watenthetsa mphepo yonse ya mkati na zipupa, katundu n'kumalizira. Nyali ya infrared ilibe nthawi imeneyo, imalasa katundu mwachindunji. Kampani ya Ford ku America inayamba kuumitsa penti ya magalimoto na nyali zotere m'ma 1930, ndipo mpaka lelo magalaji ena amaumitsa nazo chitseko chimodzi m'malo motenthetsa chipinda chonse.

Ife a ku ma show tili nayo pathupi penipeni. T-shirt ija munagula pa geti, ya nkhope ya woimba wanu, inki yake nthawi zambiri imafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 160 kuti igwire. Osindikiza amaidutsa pa lamba pansi pa mahita a infrared, mphindi pang'ono chabe yatuluka. Ikayamba kusweka mutangoichapa kawiri, dziwani kuti wina anathamangitsa lamba. Botolo la pulasitiki la drinki nalonso limayamba ngati kachubu kolimba, nyali zimakafewetsa, makina n'kukauzira mphepo mpaka kafufuma. Nyali zina zimayaka m'masekondi, so lamba akaima amazizima. Ndalama imapulumuka pamenepo.

Koma kuwala sikukhota pakona. Chomwe chili pa mthunzi sichiuma, ndipo chinthu chochindikala chingapse kunja mkati mukali mowisi. N'chifukwa chake mafakitale ambiri amaphatikiza infrared na mphepo yotentha.

Manje kunyumba. Hita yolembedwa 2000W imadya mayuniti 2 pa ola ngati ikuyaka osapuma, kaya ni infrared kaya ni ija ya fani. Mita siiwerenga dzina la pa katoni. Pomwe mungapulumutse ni apa: kahita ka 800W kolozetsa pa sofa pomwe mwakhala kuonelela Mpali kakufunditsani pompo, osadikira kuti sitting room yonse itenthe. Koma mukanyamuka kupita ku kitchen, mphepo ikulandirani bwino bwino. Ngati cholinga ni kufunditsa chipinda cha ana usiku wonse, iyi si nchito yake.

Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, ambiri tinaphunzira kuwerenga yuniti iliyonse ngati ndalama ya rent. So pogula, siyani kumvela mlomo wa wogulitsa. Tembenuzani hita, werengani ma watts pa kasitika ka kumbuyo, chitani masamu na maola omwe mudzaiyatsa. Funsaninso ngati imazima yokha ikagwa, kaili ana na mahita sagwirizana.

Ndipo asisi, wigi yonyowa osaiyanika pa hita. Ya synthetic imasungunuka.