Timawadziwa pamalilo, pa Manda Hill sitiwadziwa

Funsani aliyense pa siteshoni ya basi ku Chawama kapena ku Matero za phungu wake. Adzakuuzani galimoto imene amayendela, malilo amene anagulapo bokosi, na timu ya bola imene anapatsa majezi. Manje mufunseni kuti phunguyo anavota bwanji pa lamulo la intaneti. Zii. Nafenso amene timathandizako pa wailesi ya m'komboni tili na mlandu: phungu akabwela mu situdiyo timamufunsa za ngalande na CDF, za malamulo timaiwala. Koma nchito yake yoyamba ni kupanga malamulo.

Tiyeni tikambe za foni imene muli nayo m'manja. Mu March 2021, patatsala miyezi yochepa kuti tivote, a Edgar Lungu anasaina Cyber Security and Cyber Crimes Act. A UPND, amene panthawiyo anali otsutsa, anakuwa kuti lamulolo ni lotseka anthu pakamwa. Tinaomba m'manja. Mu April 2025 a Hakainde Hichilema anasaina malamulo awili atsopano, Cyber Security Act na Cyber Crimes Act. Maloya a LAZ anadandaula, ofesi ya kazembe wa America inachenjeza nzika zake, ndipo a PF, eni ake a lamulo loyamba lija, ndiwo anayamba kulila za ufulu. Anthu anasinthana mipando chabe, mau ni amodzimodzi. Kodi maganizo a aphungu onsewa anatembenuka usiku umodzi? Ai. Chinasintha ni mbali ya nyumba imene akhala.

Chifukwa chake sichobisika. Konsitichushoni yathu imati phungu akachoka m'chipani chimene chinamuimika, kapena akachotsedwa, mpando wake ungathe kupita. Onjezani nkhani ya adopushoni: pakatha zaka zisanu, amene amasankha dzina loikidwa pa baloti ni akuluakulu a chipani, osati amai ogulitsa tomato ku Soweto. Onjezaninso kuti nduna zimasankhidwa pakati pa aphungu omwewo. Munthu amene alota mbendela pa galimoto sangatsutse bilu ya boma. Ndiye akamakweza dzanja, ayang'ana kwa ndani? Kwa ife?

Public Order Act ni ya 1955, ya atsamunda. Mu 1996 Khoti Lalikulu, pa mlandu wa Christine Mulundika na anzake, linagwetsa zakuti munthu azipempha chilolezo kwa apolisi asanachite msonkhano. Aphungu sanachedwe kulikonza lamulolo, n'kulembamo zakuti muzidziwitsa apolisi. Kudziwitsako apolisi anakusandutsanso chilolezo. Chipani chilichonse chimadana nalo lamuloli chikakhala panja, chikalowa mu State House chimapeza kuti chikwapu chija si choipa kwenikweni.

Za Access to Information ndiye zoseketsa. Bilu yake inalowa mu Nyumba ya Malamulo mu 2002, n'kubwezedwa. Atolankhani anapempha zaka zoposa 20. Inasainidwa mu December 2023, dziko lili mu pulogilamu ya IMF, amenenso anali kulimbikitsa lamulo lomweli. Lamulo ni labwino, sitikana. Koma zimawawa kuona kuti wokongoza ndalama akakamba kamodzi amamveka kuposa nzika zimene zakuwa mpaka mau kutha.

Ena adzati ndiye tisiye, zonse zimaphikidwa kumwamba. Amenewo aiwala Bill 10. Boma la PF linali na mphamvu zonse, linaitsatsa paliponse. Maloya, Chapter One Foundation, mabishopu a Katolika na achinyamata pa Facebook anaikana kwa chaka chathunthu. Pa 29 October 2020 inapeza mavoti 105 pomwe inafunika 111. Mavoti 6 chabe. Inde, aphungu a UPND amene anakana kuivotela nawonso anali kumvela chipani chawo, tisanamizane. Koma phokoso la panja ndilo linapangitsa kuti kugulidwa kukhale kochititsa manyazi.

Chimene chimatikwiyitsa n'chakuti khomo lilipo ndipo sitilowapo. Bilu ikawelengedwa koyamba imapita ku komiti, ndipo komitiyo imalandila maganizo a anthu, olembedwa kapena okamba pamaso. Amapitako ndani? A migodi na maloya awo, a mabanki, mabungwe okhala na ofesi ku Kabulonga. Sitiwanena, adziwa kumene nyama imagawidwa. Wa njinga yamoto, wa kabutu ka mobile money, wa salaula, amamva za lamulo tsiku limene kanselo kapena wapolisi wafika pa iye. Mabilu ali m'Chizungu cha maloya, masiku opeleka maganizo amakhala ochepa, ndipo palibe amene amavutika kuwamasulila m'Chinyanja. Ilo ni dala kapena ulesi, zotuluka zake n'zimodzi.

Ofesi ya phungu ili mu konsitichuwense iliyonse, ndipo zokambilana za m'nyumbamo zimaulutsidwa pa Parliament Radio. Ife ku situdiyo tagwilizana kale: phungu wotsatila akabwela, funso loyamba lidzakhala la bilu imene anavotela komaliza, anaiwelenga kapena ai, ndipo anafunsa ndani kuno kwathu. Za majezi adzakamba nthawi ikatsala.