Siyani kusema flywheel, anyamata

Pali nzeru ina imene ikuyenda pakati pa anyamata okonda mamotoka mu Lusaka muno, ndipo ndi bwino tiikambe manje tisanayambe kusonkha za maliro. Munthu wagula Altezza, RunX kapena BMW yakale ija ya gusheshe. Waikako marimu, wachotsa silencer kuti a ku Kabwata asamagone, ndiye mnzake amunong'oneza kuti chatsala chimodzi chabe: "Boyi, tsitsa gearbox, upite na flywheel kwa mudala wa lathe akaiseme, motoka izambululuka." Ili ndi bodza. Kusema flywheel imene inabwera ndi motoka sikuonjeza mphamvu ngakhale pang'ono, kumaivutitsa motoka m'miseu imene timayendamo tsiku ndi tsiku, ndipo kungathe kukudulani miyendo.

Tiyambire pa chitsulocho, chifukwa ambiri amene amachinena kuti ndi cholemetsa chabe sanachigwirepo. Flywheel ndi chimbale chachitsulo chomangidwa ndi mabauti kumbuyo kwa crankshaft, pamene injini imakumana ndi gearbox. Injini ya four-stroke siikankha nthawi zonse. Silinda iliyonse imaphulitsa petulo kamodzi chabe crankshaft ikazungulira kawiri. Nthawi yotsalayo pisitoni imakhala ikukoka mpweya, kuufinya ndi kutulutsa utsi, ndipo zonsezi zimadya mphamvu. Flywheel imasunga mphamvu ya kuphulika kumodzi n'kuzungulitsa nayo injini mpaka kuphulika kwina kufike. N'chifukwa chake injini siizima mukaima pa maloboti. Mano a m'mphepete mwake ndi amene starter imagwira, nkhope yake ndi pamene clutch imakanikiza, ndipo thupi lake limamwa kutentha kumene clutch imapanga. A ku Toyota sanachilemeretse chifukwa chakuti chitsulo chinawachulukira.

Mphamvu ya injini imachokera ku mpweya ndi petulo zimene zapsa mu silinda. Flywheel siiotcha kanthu, choncho kuichepetsa sikungabale horsepower ngakhale imodzi. Ngati motoka yanu ikumveka yofooka kuposa zimene munawerenga pa intaneti, chifukwa chimodzi ndi mzinda womwewu. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu yake pa mamita 300 alionse amene mwakwera. Altezza RS200 ya manual, ya injini ya 3S-GE, inalembedwa 210 PS ku Japan. Kuno imataya ma PS opitirira 20 chifukwa cha mpweya chabe, tisanawerengere zaka zake, pakuti Toyota inaleka kupanga Altezza mu 2005. Lathe siingabweze zimenezo.

Otsutsa adzati, "Koma ine ndinamva kusintha." Munamvadi, ndipo sindikukanirani. Flywheel yopepuka imafuna mphamvu yochepa kuti iyambe kuzungulira mwachangu, choncho injini imalira msanga mukaponda, makamaka pa neutral pamene palibe katundu. Ndipo pa neutral ndi pamene anzanu amaimvera pa car wash. Pamseu nkhani imasintha giya ndi giya. Mukachita masamu pa motoka ya saizi ya Altezza, kuchotsa makilogalamu 2 m'mphepete mwa flywheel kumafanana, mu giya yoyamba, ndi kutsitsa munthu mmodzi wamkulu m'motoka. Mu giya yachisanu kumafanana ndi kutsitsa kathumba ka unga ka makilogalamu 5 kapena 6. Giya yoyamba mukathamanga mumakhalamo masekondi angati? Phindu lonse lathera pamenepo. Liwiro lomaliza la motoka silisintha, ndipo kupitirira thiraki pa mseu wa ku Kafue sikufulumira moti mungazindikire.

Manje tione chimene mwataya. Nyamukani pa Intercity nthawi ya 17 hours, mutuluke mu Dedan Kimathi, mulowe Great East kupita ku Chelstone. Manda Hill, Arcades, UNZA, Munali, Hybrid: kuima, kusuntha mamita asanu, kuimanso. Ma flyover anabwera, jamu siinachoke. Paulendo wotere nchito yaikulu ya motoka ya manual ndi kunyamuka, ndipo kunyamuka ndi nchito ya flywheel. Mukamasula clutch, mphamvu yosungidwa m'chitsulo chija ndi imene imakankha motoka ya makilogalamu opitirira 1,300 kuti ichoke pamalo. Chitsulo chikachepa, injini imafuna kuzima. Kuti isazime mumaponda petulo wambiri n'kugwira clutch pakati nthawi yaitali. Clutch imatentha, chitsulo chomwa kutenthako mwachisema kale, ndiye nkhope ya flywheel imayamba kupsa ndi kung'aluka timing'alu. Yatsani aircon mu October, muone mmene injini ikunjenjemera pa idle. Imani pakati pa chikweza cha flyover ya Munali, basi ya ku Chelstone ili pa bampa yanu, ndiye muyese kunyamuka. Ndi chimodzimodzi mu Burma Road m'mawa, ndi pa mahampu a ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Mwalipira kuti motoka ikhale bwino kwa masekondi awiri, n'kumakuvutitsani maola awiri tsiku lililonse.

Zonsezi ndi za ndalama, ndipo ndalama zimabwerera. Chimene chikundilembetsa ndi ngozi. Flywheel ya masentimita 30 kukula kwake ikamazungulira pa 7,000 rpm, m'mphepete mwake mumathamanga pafupifupi makilomita 400 pa ola. Mphamvu imene imakoka chitsulocho kuti chimwazike siikwera pang'onopang'ono: mukawirikiza rpm kawiri, iyo imakula kanayi. Ma flywheel ambiri a ku fakitale ndi a cast iron, chitsulo chimene sichipindika kuti chikuchenjezeni. Chimangosweka ngati mbale yadothi. Mukachisema mumachotsa nyama imene inawerengedwa kuti ipirire kukokako, ndipo kona iliyonse yakuthwa imene mpeni wa lathe wasiya ndi malo oyambira mng'alu. Chikasweka, chimene chili pakati pa zidutswazo ndi imwe ndi bellhousing ya aluminiyamu ndi lata la pansi pa motoka. Mu Altezza ndi mu BMW, zimene zimakankha ndi mawilo akumbuyo, flywheel imakhala pafupi ndi mapazi a dalaivala ndi a munthu wokhala kutsogolo. Zidutswa sizisankha. Zingapite kwa chibwenzi chanu, kwa mng'ono wanu, kapena kwa amayi ogulitsa nthochi m'mbali mwa mseu.

Anthu a mipikisano anaphunzira zimenezi ndi magazi. Pa 8 March 1970, ku Lions Drag Strip ku California, gearbox ya motoka ya Don Garlits inaphulika ponyamuka, n'kuidula motokayo pakati ndi kumudula mbali ya phazi lakumanja. Ameneyo anali katswiri wa dziko lonse la America, wodziwa chitsulo chilichonse m'motoka yake. Atachira anapanga motoka yokhala ndi injini kumbuyo kwa dalaivala, kuti zozungulira zonse zimutalikire. Lero m'mipikisano ya drag ku America, motoka zothamanga kwambiri siziloledwa popanda flywheel yoyesedwa ndi bungwe la SFI Foundation ndi bellhousing yolimba yotchinga zidutswa. Iwo amene ali ndi ambulansi pambali pa mseu akuopa cast iron. Ife tikuisema n'kuikamo banja.

Sindikunyoza a mudala a pa lathe. Ambiri a iwo ndi amisiri enieni, ndipo ndi amene amapangitsa kuti mamotoka akale a mu Zambia aziyendabe. Kupala pang'ono nkhope ya flywheel poika clutch yatsopano ndi nchito yoyenera. Kuchotsa makilogalamu ndi nkhani ina. Musanapereke chitsulo chanu, funsani mafunso awiri. Kodi akamaliza adzachiika pa makina a balancing pamodzi ndi pressure plate? Kodi akudziwa malire amene chitsulochi sichiyenera kupitirira kupyapyala? Yankho likakhala lakuti "tidzangoona ndi maso", nyamulani katundu wanu. Flywheel yolemera mbali imodzi imagwedeza crankshaft, imadya ma bearing, ndipo imaononga seal yakumbuyo mpaka oilo kuyamba kudontha pa clutch. Palinso mamotoka ambiri a manual, makamaka a dizilo, amene ali ndi dual-mass flywheel, ya zidutswa ziwiri zolumikizidwa ndi masipuling'i mkati. Imeneyo siisemedwa n'komwe.

Ndiye pali gulu limene likuberedwa masana dzuwa likuswa mtengo. Mamotoka ambiri amene timaitanitsa ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ndi Nakonde ndi a automatic. Motoka ya automatic ilibe flywheel yolemera ngati ya manual. Ili ndi flexplate, kachimbale kopyapyala, ndipo kulemera kuli mu torque converter yodzaza oilo. Mark X, imene Toyota inapanga kuyambira 2004 mpaka 2019, inatuluka ya automatic, kupatulapo ma GRMN ochepa kwambiri. Wina akakuuzani kuti apepukitsa flywheel ya Mark X yanu, chimene chipepuke ndi thumba lanu.

Flywheel ili ndi abale ake, ndipo onse amadwala matenda amodzi: amagulitsa phokoso ndi maonekedwe m'dzina la liwiro. Kudula masipuling'i kumatsitsa motoka, koma ma shock amasiya kugwira bwino nchito, ndipo sump imayamba kupatsana moni ndi hampu iliyonse. Cone filter yoikidwa poyera mkati mwa boneti imakoka mpweya wotentha wa injini, umene uli ndi oxygen wochepa kuposa wa kunja. Ikaikidwa pansi kuti ipeze mpweya wozizira, imadikira madzi a January, ndipo madzi akalowa mu silinda conrod imapindika. Catalytic converter nayo, amene akukulimbikitsani kuichotsa kuti "motoka ipume" amadziwa kuti mkati mwake muli platinum, palladium ndi rhodium, ndipo amadziwa kokagulitsa. Imwe mumatsala ndi nyali ya check engine ndi utsi wonunkha, umene ana opita kusukulu akupuma.

Ndalama zomwezo zili ndi nchito ina imene imathamangitsadi motoka. Yambani ndi matayala, chifukwa mphamvu yonse ya injini imafika pansi kudzera m'menemo. Pambali pa tayala pali manambala anayi kumapeto kwa chizindikiro cha DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. Pitani mukawerenge anu, makamaka ngati munagula a salaula. Kenaka ma brake pad abwino ndi brake fluid yatsopano, pakuti imeneyo imamwa chinyezi ndipo imafunika kusinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse. Kenaka ma shock, ma bush, mapulagi, oilo woyenera ndi filter yaukhondo. Injini ya zaka 20 ikapatsidwa zimenezi imabweza mphamvu imene inatayika chifukwa chosasamalidwa, ndipo motoka imaima pamene mwaiuza kuti iime. Choipa chake n'chimodzi: brake fluid siimveka pa TikTok.

Ena adzati, "Nanga a rally sachita zomwezi?" Zambia ili ndi mbiri ya rally imene maiko ambiri mu Africa amasirira. Satwant Singh anatenga African Rally Championship kasanu ndi katatu. Muna Singh anaitenga mu 2004 ndi 2005, Jassy Singh mu 2013, ndipo Leroy Gomes ndi Urshlla Gomes anaibweretsanso kuno mu 2022. Koma motoka ya rally ili ndi roll cage, malamba apadera ndi chozimira moto. Okweramo amavala zipewa zolimba, motoka imayesedwa mpikisano usanayambe, ndipo imathamanga pa njira imene yatsekedwa. Zitsulo zake zinapangidwira nchito imeneyo kuchokera pachiyambi. Kutengako kachidutswa kamodzi ka nzeru zawo, n'kusiya chitetezo chonse, ndi kuwanyoza.

Ngati mtima wanu ulidi pa mpikisano, njira ilipo. Gulani flywheel yopepuka yopangidwa kale ndi chitsulo cha chromoly, ngati zimene amapanga a Exedy kapena a Toda Racing. Ikani mabauti atsopano, omangidwa ndi torque wrench pa muyeso wa m'buku. Ndiye motokayo muipititse ku mipikisano ya Zambia Motor Sport Association, kumene kuli malamulo ndi okuyang'anirani. Ngati ndalama ya zimenezi palibe, ndiye kuti nthawi ya flywheel yopepuka siinakwane.

Ndipo kwa amene akuti "motoka ni yanga, ndalama ni zanga": zoona, koma mseu ndi wa tonse, ndipo mpando wakutsogolo mumakhala mwana wa eni. A makanika, mnyamata akabwera ndi flywheel m'manja n'kunena kuti mupungule makilogalamu awiri, muuzeni abwerere nayo, ndipo mumuonetse matayala ake.