Zigoli zathu zikuthera m'kamwa

Ku America, pa masewera a baseball, zonse zimalowa m'buku. Mu 2022 Shohei Ohtani wa Los Angeles Angels, poponya mpira anatulutsa omenya maulendo 219, ndipo pomenya anachinya ma home run 34. Ine ndili kuno ku Mambwe ndikuzidziwa.

Koma sabata yatha womvera atandifunsa pa wailesi kuti akutsogola ndani pa zigoli mu ligi yathu, ndinangoti kukamwa yasa. Komiti sidziwa, makochi akungokangana.

Tisanamizire umphawi. Buku ndi bolopeni sizidikira boma. Mnyamata wa ku Jumbe kapena Mfuwe adzaonetsa chiyani ku timu ya ku Chipata? Umboni wa amalume ake?

Atsogoleri a mpira, yambani kulemba Loweruka lino.