Amawerenga Tambala Iliyonse, Maola a Ana Athu Sawerenga

Januwale akalowa, ife a ku Zomba timayamba kuwaona achinyamata ovala masuti, malaputopu m'manja, otumidwa kuchokera ku Blantyre kudzaunika mabuku a ndalama a mabungwe a m'tauni muno. Mmodzi wa iwo tinamuphunzitsa ku madrasa ali wamng'ono. Titakumana naye pa depoti, maso ali psuu, anatiuza kuti watha masabata atatu osapumako ngakhale tsiku limodzi, ndipo Swala ya Ijumaa yamudutsa katatu ali pa desiki. Kwawo ku Mangochi makolo akuyenda monyadira, poti mwana analowa kampani yaikulu ya maakaunti.

Kunyadako sitikukutsutsa. Ntchitoyi ndi yolemekezeka, ndipo dziko limaifuna. Ndani waiwala kuti pa nkhani ya Cashgate ya 2013 anali akatswiri owerengera ndalama a Baker Tilly amene anaulula kuti ndalama za boma zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha? Chimene tikutsutsa ndi chizolowezi chotcha thukuta la mwana "maphunziro" pofuna kuti lisalipidwe.

Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limaika maola 48 pa sabata. Opitirira pamenepo ndi ovataimu, ndipo ali ndi malipiro ake. Makampani ambiri amatseka mabuku pa 31 Disembala, choncho kuyambira Januwale mpaka Malichi ntchito imachuluka zedi. Zimenezo tikuzimvetsa. Koma bwana amene amalemba ola lililonse la wantchito wake pofuna kulipiritsa kasitomala, angaiwale bwanji maola omwewo tsiku la malipiro likafika? Zaka zino Ramadhan ikugwanso m'miyezi yomweyi. Mwana wosala amafutulu ndi madzi a m'botolo pamaso pa kompyuta, ndipo amaopa kupempha ola limodzi lokha.

Amamulonjeza tsogolo. Pirira, akutero, udzakhala mmodzi wa eni kampani. Tiyeni tiwerengere limodzi, poti kuwerenga ndiyo nkhani yake. Wofuna satifiketi ya ACCA ayenera kukhoza mayeso 13 ndi kugwira ntchito miyezi 36 moyang'aniridwa. Mayesowo amalipiridwa m'mapaundi, pamene malipiro ake ndi a kwacha yomwe inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amawerenga usiku atachoka ku ofesi ali wotheratu. Akakhoza, mipando ya pamwamba imakhala yowerengeka. Zili ngati msewu wokwera ku Chawe: pansi pa phiri anthu piringupiringu, pamwamba pomwe mabwana amachitira misonkhano pamafika ochepa. Ambiri amatsikira panjira n'kukalowa ntchito ku banki, ku boma kapena ku mabungwe othandiza anthu. Kumeneko si kulephera, koma mwana auzidwe zoona asanasaine.

Bungwe la ICAM, lomwe limayang'anira khalidwe la akauntanti m'dziko muno, lifunsenso za maola a ophunzira ntchito. Nafenso makolo tili ndi mlandu. Mwana akadandaula timamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ife maso ali pa ndalama imene amatumiza kumapeto a mwezi. Kalata ya ntchito ikabwera, tikhale naye pansi tiiwerenge: ovataimu amalipira motani? Mayeso alipira ndani, ndipo akasiya ntchito abweza zingati? Lachisanu masana adzaloledwa kutuluka? Mwana uja wa pa depoti mafunso amenewa sanafunse, ndipo ifenso amene tinamuperekeza ndi madua sitinamufunse.